Wodwala Wogona Pamphasa Naye Akutentha Chakudya

ULÓNGUÈ — Mwezi wa Januwale ukafika, nkhokwe zambiri m'midzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde zimakhala zayamba kuonetsa pansi. Chimanga cha m'munda sichinafike pokazinga, maungu sanakhwime, ndipo mayi wa pakhomo akamaomola nsima amawerenga mitanda kawiri. Mtanda waukulu umapita kwa amene wachokera kokabandira kapena kuganyu, ndipo zimenezo palibe angatsutse. Koma m'nyumba momwemo mumakhalanso wina amene wagona pamphasa ndi malungo, kapena agogo amene atsala akungoothera dzuwa pakhonde. Za anthu amenewa timamva kawirikawiri mawu akuti: ameneyo wangogona tsiku lonse, njala aitenga kuti? Kaphala kamadzimadzi kam'kwanira.

Tsamba lathu lero likuyankha funso limenelo, pakuti lili ndi yankho lake, ndipo yankholo analipeza poyeza. Pali njira imene madokotala ndi akatswiri a zakudya amadziwira kuchuluka kwa chakudya chimene thupi la munthu limatentha iye atagona phee, osagwira kanthu. M'Chipwitikizi amaitcha calorimetria indirecta. Dzinali lisakuopseni, owerenga athu. Tanthauzo lake ndi kuyeza moto wa m'thupi mozungulira, poyang'ana mpweya umene munthu akupuma.

Chikuni cha usiku

Aliyense amene anachezerapo pamaliro amachidziwa chikuni chimene chimanyeka usiku wonse popanda lawi. M'mawa mukachiyang'ana mupeza chafupika, chonsecho palibe anaphikirapo. Thupi la munthu limachita chimodzimodzi. Munthu akagona tulo mtima suleka kugunda, mapapo saleka kukoka mpweya, impso zimasefabe magazi, chiwindi chimagwirabe ntchito yake, ndipo thupi lonse limakhalabe lofunda pa madigiri 37 ngakhale kunja kukuzizira ngati ku Tsangano mwezi wa Juni. Zonsezi zimafuna nkhuni, ndipo nkhuni zake ndi chakudya.

Tsono moto uliwonse umadya mpweya. Owotcha makala amadziwa zimenezi kuposa ife tonse, chifukwa ntchito yawo yagona pa kutseka ndi kutsegula timabowo ta uvuni. Mukavundikira koloboyi ndi chitini amazima. Gawo la mpweya limene moto umadya limatchedwa okosijeni, ndipo mu mpweya umene timakoka muli magawo 21 a okosijeni pa 100 alionse. Potuluka m'mphuno amakhala atatsala magawo 16 kapena 17. Osowawo ndi amene thupi latenga kukatenthera chakudya, ndipo m'malo mwake limatulutsa mpweya wina, kaboni dayokisaidi, umene tinganene kuti ndi utsi wa moto wa m'thupi. Wodutsa panjira amadziwa kukula kwa moto wa m'khitchini poona utsi. Akatswiri amachita zomwezo, kungoti iwo mpweyawo amauwerenga ndi malita.

Amayeza bwanji?

Woyezedwa amabwera m'mamawa asanadye kanthu chigonere. Asasute fodya, asamwe tiyi kapena khofi, ndiponso asakhale kuti dzulo lake anagwira ntchito yakalavulagaga, pakuti zonsezi zimakoleza moto wa m'thupi n'kusokoneza chiwerengero. Amamugoneka chagada m'chipinda chosatentha, chosazizira, n'kumusiya apumule mphindi 20 kapena 30. Kenaka amamuvundikira kumutu chinthu cha pulasitiki yoonekera, chooneka ngati beseni lalikulu, chimene chili ndi paipi yopita ku makina. Ena amangomuveka chophimba pakamwa ndi pamphuno. Mpweya wabwino umalowa bwinobwino, munthu sabanika ayi. Makinawo amawerenga okosijeni amene wasowa ndi kaboni dayokisaidi amene wawonjezereka, kwa mphindi zina 20 kapena 30.

Lamulo lovuta ndi lakuti munthuyo asalankhule, asagwedezeke, komanso asagone tulo. Mphindi zisanu zoyambirira amazitaya, popeza aliyense akangovundikiridwa amayamba ndi kupuma mwamantha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano odekha ayenera kukhala onse awiri, woyeza ndi woyezedwa. Palibe jekeseni, palibe kutenga magazi.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Anaiyamba ndi Antoine Lavoisier wa ku France. Cha m'ma 1783 iye ndi mnzake Laplace anaika mbira, zomwe zija ana amaweta kukhitchini, m'chiwiya chozunguliridwa ndi madzi oundana, n'kuyeza madzi amene anasungunuka ndi kutentha kwa kanyamako. Atafanizira ndi makala oyaka anapeza kuti kupuma ndi kuyaka ndi ntchito imodzi, kungoti kwinaku kumachitika pang'onopang'ono. Cha m'ma 1790 Lavoisier anaveka mnzake wina, Armand Séguin, chophimba kumaso, ndipo anaona kuti munthu amadya okosijeni wochuluka akazizidwa, akangotha kudya, ndipo koposa akamagwira ntchito. Mwatsoka ntchitoyo sanaifikitse patali, popeza anamudula mutu mu 1794 pa chipwirikiti cha ndale za dziko lawo.

Mu 1911 Claude Douglas wa ku Oxford anapanga chithumba chachikulu chosatulutsa mpweya, chimene munthu amabereka kumsana n'kumapumiramo akugwira ntchito, ndipo mpweyawo ankakauyeza pambuyo. Mu 1949 Weir wa ku Glasgow analemba masamu achidule osandutsira malita a mpweya kukhala chiwerengero cha mphamvu, ndipo makina a masiku ano amagwiritsabe ntchito masamu omwewo.

Tiwerengere limodzi

Mphamvu ya chakudya imawerengedwa m'makalori, amene pa mapaketi a bisiketi ndi mkaka amalembedwa kuti kcal. Lita imodzi ya okosijeni ikatha m'thupi, ndiye kuti makalori pafupifupi 5 atenthedwa, kunena mosamala 4.8.

Titenge munthu wamkulu wa thupi lapakatikati amene wagona phee. Pa mphindi imodzi amatenga okosijeni wokwana mamililita 200, ena kufika 250. Pa ola ndi malita 12. Usana ndi usiku ndi malita 288, ndiko kuti zigubu 14 za malita 20 zija timatungira madzi, n'katsalako pang'ono. Tikachulukitsa ndi 4.8 tipeza makalori pafupifupi 1,400. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360. Choncho munthu uja tikuti wangogona watentha mphamvu yolingana ndi ufa wa magalamu pafupifupi 400 tsiku limodzi, ndipo pa mwezi ndi makilogalamu oyandikira 12. Sanagwire khasu, sanapite kumjigo.

Akudya ufa wonsewu ndani? Ubongo, umene sufika kilogalamu imodzi ndi theka, umatenga gawo limodzi mwa magawo asanu. Chiwindi chimatenganso pafupifupi chimodzimodzi. Mtima ndi impso pamodzi zimatenga kochepera pang'ono apo. Minofu yonse ya thupi, imene timaganiza kuti ndiyo idya kwambiri, ikakhala pa mpumulo imangotenga kopitirira pang'ono gawo limodzi mwa asanu. Ziwalo zobisika zimene sitiziona zikugwira ntchito ndizo zimatha chakudya chambiri.

Tisanamizane: wolima amafunadi zambiri. Lipoti la mabungwe a FAO, OMS ndi UNU la mu 2004 limawerengera kuti wogwira ntchito yolemetsa tsiku ndi tsiku amafuna kuwirikiza kawiri chiwerengero chake cha pa mpumulo, mwina kuposa. Ndiye kuti bambo wopalira dzuwa lonse akuyenera mtanda wake waukulu uja. Koma werenganinso bwino. Ngati wolima akufuna mitanda inayi, wogona akufuna iwiri, ndipo apo tikunena wogona amene ali bwinobwino.

Thupi likatentha

Wodwala ndi nkhani ina. Madokotala anayeza kalekale kuti digiri imodzi iliyonse imene thupi lakwera pamwamba pa 37 imawonjezera moto wa m'thupi ndi magawo 10 mpaka 13 pa 100. Munthu wa malungo amene choyezera chaonetsa 40 ndiye kuti wakwera madigiri atatu, ndipo makalori 1,400 aja asanduka 1,800 kapena kuposa. Akayamba kunjenjemera, minofu nayo imalowa pa ntchito. Vuto ndi lakuti nthawi yomweyo m'kamwa mumawawa, chakudya sichikoma, ndipo wodwala yekha amakankha mbale. Apabanja amati wakana yekha, n'kuchotsa.

Moto suyembekeza kuti wodwala ayambe wafuna kudya. Ukasowa nsima umagwira mafuta a m'thupi, kenaka mnofu. Makina aja amatha kuzionetsa zimenezi. Thupi likamatentha nsima, mbatata kapena shuga, mpweya wotuluka umalingana ndi okosijeni wolowa, lita kwa lita. Likamatentha mafuta, pa malita 10 a okosijeni pamatuluka malita 7 okha. Woyeza akaona chiwerengero chatsikira ku 7 kwa munthu amene sanadye, amadziwa kuti ameneyu wayamba kudzidya yekha. N'chifukwa chake munthu amadzuka pa malungo a sabata imodzi lamba atakula.

Chifuwa chachikulu cha TB nacho chimakoleza moto wa m'thupi, ndipo kuwonda ndi chimodzi mwa zizindikiro zake zodziwika. Za kachirombo ka HIV, bungwe la OMS linalengeza mu 2003 kuti munthu wamkulu amene ali nako koma sakudwala amafuna chakudya choposa mnzake ndi magawo 10 pa 100. Akayamba kudwaladwala amafuna magawo 20 mpaka 30 owonjezera, ndipo mwana amene wayamba kutsika sikelo amafuna 50 mpaka 100. Mankhwala a ma-ARV asintha zambiri kuchokera nthawi imeneyo, koma amene amawamwa adzakuuzani okha kuti thupi likayamba kubwerera, njala imabwera ngati chilombo.

Palinso ena m'nyumba amene sitiwawerengera ngati antchito. Mayi woyembekezera, malinga ndi lipoti la 2004 lija, amafuna makalori 285 owonjezera pa tsiku m'miyezi itatu yapakati, ndi 475 m'miyezi itatu yomaliza. Woyamwitsa amafuna oposa 500, ndipo ngati iye mwini ndi wowonda, 675. Kafukufuku wamkulu wa mu 2021, amene anasonkhanitsa miyezo ya anthu oposa 6,000 a m'maiko 29, anapeza kuti mwana wa chaka chimodzi amatentha chakudya mofulumira kuposa munthu wamkulu ndi theka, tikafanizira kukula kwa matupi awo. Kamwana kamene kali kumsana ndiko kali ndi moto waukali m'nyumba yonse, chonsecho kamimba kake n'kakang'ono. Za agogo, kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti moto umayamba kutsika munthu akapitirira zaka 60, koma pang'onopang'ono, osafika gawo limodzi pa 100 pa chaka.

Njala ikakhalitsa

Wina afunsa kuti: nanga bwanji ena amapirira miyezi akudya kamodzi patsiku osafa? Funsoli linayesedwa ku Minnesota, m'dziko la America, mu 1944 ndi 1945. Ancel Keys anatenga anyamata 36 odzipereka, n'kuwadyetsa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa masabata 24. Anataya gawo limodzi mwa anayi a kulemera kwawo, ndipo powayeza mpweya anapeza kuti moto wa pa mpumulo watsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Thupi linaphwetsa moto lokha, monga mayi amazimitsira zikuni zina nkhuni zikachepa. Koma mtengo wake unali wowawa. Anyamatawo ankamva kuzizira nthawi zonse, mtima unkagunda mochedwa, anafooka, anakhala okwiyakwiya, ndipo ankangolota chakudya. Amene anaona njala ya 1992 sakufunika kuuzidwa zimenezi ndi anthu a ku America.

Kuno ku Africa miyezo yotere inachitika kwambiri pamudzi wa Keneba, m'dziko la Gâmbia, kumene asayansi a ku Britain anamanga kachipinda koyezera mpweya wa munthu usana ndi usiku. Anthu a kumeneko ndi alimi ngati ife, ndipo njala yawo imagwanso nthawi ya mvula pamene ntchito yachuluka. Zotsatira zimene zinatuluka mu 1993 zinaonetsa kuti mwa amayi owonda, moto wa pa mpumulo umatsika m'miyezi yoyamba ya pakati m'malo mokwera monga umachitira mwa amayi odya bwino a ku England. Thupi la mayi limadzimana kuti mwana apeze. Komabe kudzimanako kuli ndi malire, pakuti kumeneko ana obadwa m'nyengo ya njala ankabadwa opepuka kuposa anzawo.

Chiwerengero chimene tinachidyapo

Makina oyezerawa ndi okwera mtengo, ndipo pa posto ya kumudzi simudzawapeza. Malo awo enieni ndi m'masukulu a ukachenjede ndi m'zipatala zazikulu, m'zipinda za odwala mwakayakaya amene amadyetsedwa kudzera m'paipi, kumene kupereka chochepa kapena chochuluka kungathe kupha. Nanga ife wa ku Dómuè kapena ku Zóbuè zikutikhudza pati?

Zinatikhudza kale, ambiri tisakudziwa. Pa nthawi ya nkhondo anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a inu mukukumbukira mzere wa tsiku logawa, khadi m'manja, kudikira ufa, nyemba kapena nandolo, mafuta ndi mchere. Muyezo umene ankathira m'thumba lanu sunachoke m'mutu mwa kalaliki. Unachokera ku masamu amene maziko ake ndi moto wa pa mpumulo: amatenga chiwerengero cha ana, amayi, abambo ndi okalamba, n'kuwonjezerapo pang'ono za ntchito yopepuka. M'zaka zimenezo mabungwe ankawerengera makalori 1,900 pa munthu pa tsiku. Mu 1997, anthu atabwerera kale kwawo pambuyo pa mtendere wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992, PMA ndi ACNUR anakweza chiwerengerocho kufika 2,100. Malangizo awo amanenanso kuti kumalo ozizira awonjezere makalori 100 pa madigiri 5 alionse otsika pansi pa 20, zimene Séguin uja anazionetsa kale ali m'chophimba chake.

Masamu amenewa ali ndi chilema chake, ndipo ndi bwino tichinene. Popeza sangayeze aliyense, akatswiri amagwiritsa ntchito matebulo ongoyerekeza potengera kulemera, msinkhu ndi zaka. Tebulo lotchuka la Harris ndi Benedict la mu 1919 linachokera pa anthu akuluakulu 239 a ku America. Limene mabungwe a dziko lonse anatenga mu 1985, la Schofield, pafupifupi theka la anthu ake anali a ku Italy, ndipo mu 1991 Henry ndi Rees anaonetsa kuti limakweza chiwerengero cha anthu a m'maiko otentha. Malaya osokera munthu wina savalika bwino, ngakhale amafunditsa ndithu.

Chilema china n'chakuti makina amaona moto wokha, saona ubwino wa nkhuni. Mu 1990 mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa, anthu othawa nkhondo oposa 18,000 kum'mwera kwa Malawi anadwala pelagra, nthenda ija khungu limada n'kusupuka m'khosi ndi m'mikono, munthu n'kumatsegula m'mimba, ena mpaka kusokonezeka mutu. Nsima ankadya, koma chimanga pachokha sichipereka mokwanira vitamini wotchedwa niacina amene mtedza uli naye wambiri. Munthu akhoza kukwanitsa makalori ake onse ndi ufa, n'kudwalabe.

Pakhomo tichite chiyani?

Popeza wodwala sangathe mbale yaikulu, nzeru ndi kuika mphamvu yambiri m'chakudya chochepa. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba ndi madzi. Likhale lolimbirako, la mgaiwa, lothira nsinjiro. Mtedza wa magalamu 100 uli ndi makalori oposa 550, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi oposa 100, chonsecho siionekera n'komwe m'mbale. Dzira, nthochi, mapeyala, mbatata ya kachewere yophwanya, thobwa, zonsezi zimalowa mosavuta. Musadikire nthawi ya nsima ya banja lonse. Mupatseni pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa tsiku, makamaka pamene thupi lazizirako, ndi madzi akumwa okwanira. Akachira musabwerere msanga ku muyezo wakale, pakuti masabata otsatirawo ndi pamene thupi likumanganso mnofu umene linatentha. Chakudya sichilowa m'malo mwa mankhwala. Wa malungo apite akayezedwe, ndipo wotsokomola masabata awiri akapereke makhololo.

Pali chenjezo limodzi lalikulu. Mwana amene wawonda kwambiri, kapena watupa mapazi onse awiri, musamukakamize chakudya chambiri pakhomo. Thupi lake lili ngati la anyamata a ku Minnesota aja: moto waphwa, mtima ndi chiwindi zafooka, ndipo kuunjikira nkhuni mwadzidzidzi kukhoza kumupha. A enfermeiro ali ndi sikelo ndi kalamba koyezera mkono. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5, kalambako kakaonetsa kufiira, ndiko kuti mkono sunafike masentimita 11.5, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Amene akukana kudya kapena ali ndi matenda ena amamugoneka, n'kumuyamba ndi mkaka wapadera wa F-75, umene uli ndi makalori 75 okha pa mamililita 100, pang'onopang'ono usana ndi usiku. Akayamba kufuna kudya ndi pamene amamusinthira ku F-100 kapena ku chiponde.

Paketi imodzi ya chiponde imalemera magalamu 92 ndipo ili ndi makalori 500. Chiwerengero cha mapaketi amene mayi amapatsidwa kuti apite nawo kunyumba amachiwerengera pa kulemera kwa mwana wodwalayo yekha, tsiku ndi tsiku mpaka tsiku lobwereranso kusikelo. Abale ake akalawako, kapena paketi ina ikapezeka pamsika wa pamalire, sikelo ya sabata yotsatira imaonetsa.